Mmene Mungalowezere Nyimbo ya pa Piyano

Clara Schumann, woimba piyano amene anabadwira mumzinda wa Leipzig ku Germany mu 1819 ndipo anayamba kuphunzitsa piyano ku Frankfurt mu 1878, anali mmodzi mwa akatswiri oyambirira kuimba pamaso pa anthu osayang'ana papepala, ndipo luso limeneli munthu amachita kuphunzira.

Yambani ndi kachigawo kakang'ono, dzanja lamanja palokha, kenako lamanzere, mwapang'onopang'ono ndithu, kuti chala chilichonse chizolowere malo ake. Lembani manambala a zala (osonyeza chala choti mugwiritse ntchito) ndi pensulo pamwamba pa manotsi, chifukwa ine ndimaona kuti kusinthasintha zala ndi kumene kumasokoneza ambiri akafika pagulu. Mukatero tsekani buku muimbe, ndipo mukakakamira, bwererani pang'ono pokha m'malo moyambanso nyimbo yonse.