Musanagwetse khoma lakale kapena kukumba maziko m'tauni

Ndakhala kapitawo wa zomangamanga ku Blantyre ndi ku Limbe zaka zambiri, ndipo ndikulembera anzanga amene mwapatsidwa ntchito pakati pa tauni, pamene nyumba zosanjikizana zikumera moyandikana ndi nyumba zakale. Pa zimene ndaona, zinthu zakale zimawonongeka m'sabata yoyamba ya ntchito, katapila akangotsika m'lole, akuluakulu asanafike n'komwe. Amene ali pamalopo nthawi imeneyo ndi ife.

Yambani ndi mapepala. Lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, limafuna kuti womanga adziwitse boma ntchito ikadali pa mapulani, kuti ngati pansipo pali zakale akatswiri azifukule ntchito isanayambe, ndipo ndalama zake zimachokera kwa mwini ntchito. Choncho musangodalira chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Funsani ku dipatimenti yoona za Museums and Monuments ngati nyumbayo, kapena yoyandikana nayo, ili pa mndandanda wa zotetezedwa. Mwini ntchito muuzeni zimenezi asanasayine, chifukwa akadzazimva pakati pa ntchito adzakuuzani kuti mungokwirira.

Kenako tengani foni muzungulire nyumba yakaleyo. Jambulani khoma lililonse, khonde, mafelemu, denga, ndi mng'alu uliwonse mutaika tepi yoyezera pambali pake. Ine ndimamata kapulasitala kochepa kopingasa pa mng'alu n'kulembapo tsiku ndi pensulo. Kakasweka, ndiye kuti khomalo likusuntha, ndipo makina otsendera dothi aime tsiku lomwelo. Nyumba zambiri zakale zili ndi maziko osazama, kotero dzenje lakuya pafupi nazo litchingidwe ndi matabwa kapena zitsulo, makamaka mvula ikayamba mu Novembala.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya simenti. Taonani tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi manja a anthu akuno, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa komweko. Mandala House ndi ya 1882. Njerwa za nthawi imeneyo ndi zofewa poyerekeza ndi zathu, ndipo zinkamangidwa ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyontho n'kuchitulutsanso dzuwa likawomba. Mukalipaka pulasitala wa simenti mwatseka njira imeneyo: madzi amakhalira m'kati, njerwa imayamba kufumbutuka kumbuyo kwa pulasitala, kunja kukuonekabe bwinobwino.

Ndinalakwitsa zimenezi ndi manja anga ndili mnyamata. Tinkakonza sitolo yakale ya khonde lalitali, ndipo tinamata khoma lonse lakumunsi ndi simenti yolimba. Patapita nyengo zochepa za mvula ndinadutsako, n'kugogoda ndi chala. Linkamveka ngati ng'oma. Nditabenthula pang'ono, kumbuyoko kunatuluka fumbi lofiira lodzaza dzanja, njerwa itatha. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa. Ndiye pokonza khoma lakale gwiritsani laimu ndi mchenga wosefa, muyese kaye pamalo aang'ono, ndipo muzinyowetsa kuti lisaume mwachangu. Matope akale a pakati pa njerwa muwachotse ndi tchizulo pamanja, osati galainda, chifukwa imadya m'mbali mwa njerwa. Njerwa yakale ikachoka yathunthu, muisunge kuti ibwerere pomwepo.

Madzi a padenga la nyumba yatsopano asagwere kukhoma la yakale. Konzani ngalande msanga, ndipo musakweze konkire wa panja kuposa pansi pa nyumba yakaleyo. Mapaso ndi mafelemu muwayang'ane ngati muli chiswe.

Tsopano za pansi pa dothi. Blantyre monga tauni inayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, koma anthu anali akukhala ndi kulima m'mapiri amenewa kalekale. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula mapale, mikanda yagalasi ndi zinthu zina zochokera kutali, ndipo zinthu zazing'ono zoterozo ndi zimene zatithandiza kudziwa za likulu la Amaravi. Phale limene waganyu angaliponye mu wilibala osaganiza kawiri lingathe kukhala la mtundu umenewo.

M'mawa wa tsiku loyamba sonkhanitsani aganyu ndi woyendetsa katapila, muwauze zoti aziyang'ana: mapale okhala ndi zokhwatchakhwatcha m'khosi, mikanda, dothi lakuda la phulusa lomwe lasiyana ndi lozungulira, miyala yolemera yangati yosungunuka yotsalira pa ng'anjo, mzere wa njerwa pamene mapulani sakusonyeza khoma, ndi mafupa. Muwalonjeze kuti wonena sadulidwa malipiro ntchito ikaima. Popanda lonjezo limeneli palibe adzanene, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa ali ndi ana kunyumba.

Chinthu chikapezeka, imitsani ntchito pamalo okhawo, kwina kupitirire. Musachizule, musachitsuke, musachitengere ku ofesi. Akatswiri amawerenga malo amene chinagona, kuya kwake, ndi zimene zinali pambali pake. Mukachisuntha, zambiri mwa zimenezo zapita. Chijambuleni chili pomwepo, zingani malowo ndi chingwe, phimbani ndi pepala lapulasitiki kuopa mvula, ndipo imbirani a dipatimenti tsiku lomwelo. Akakhala mafupa a munthu, uzaninso apolisi ndi mfumu ya deralo, ndipo anthu asaunjikane n'kumajambula. Usiku mlonda adziwe kuti pamenepo sipafika munthu, chifukwa mphekesera yoti pakumbidwa chuma imayenda msanga m'tauni.