Momwe mungayendetsere ntchito zingapo nthawi imodzi mu Python pogwiritsa ntchito ma thread

Amene munalembapo pulogalamu yotenga mafayilo 20 pa intaneti mukudziwa mmene zimatopetsera. Itenge fayilo yoyamba, idikire, itenge ina, idikirenso, kompyuta ili phee palibe chomwe ikuchita. Apa mpomwe ma thread, tinjira tosiyana toyendetsera ntchito mkati mwa pulogalamu imodzi, amapindulira, imodzi ikamadikira yankho la seva inzake ikupitiriza ntchito.

Yambani ndi kulemba import threading pamwamba penipeni, simufunika kudawunilodanso chilichonse, imabwera kale ndi Python. Ntchito yanuyo muiike mu function yakeyake, tinene tenga(ulalo), pomwe ulalo ndi adiresi ya fayiloyo pa intaneti, kenako pangani thread chonchi:

t = threading.Thread(target=tenga, args=(ulalo,))

Onetsetsani bwino apa chifukwa ambiri amagwera pompano. Pa target mwalemba tenga basi, opanda mabulaketi, mukawaika function ija ingoyamba pompo thread isanabadwe nkomwe. Ndipo ka comma kali pambuyo pa ulalo musakasiye, mukakasiya Python iuphwanya ulalowo chilembo chimodzichimodzi nkukupatsani error yosamveka.

Tsopano t.start() ndiye amadzutsa thread, osati t.run() ayi. Dzutsani onse kaye mu loop imodzi uku mukuwasunga mu list, mukamaliza ndiye mupange loop yachiwiri yoitana t.join() kuti pulogalamu iwadikire amalize. Mukaika join pansi pa start mu loop yomweyo ndiye mwabwerera komwe munachokera, azingoyenda mmodzimmodzi ngati kale.

Gawo lomwe ine ndimaliopa ndi la data yogawana. Ma thread onse amaona memory imodzi, ndiye tinene awiri akuwonjezera pa nambala imodzi, kuchuluka += 1 kumaoneka ngati chinthu chimodzi koma mkati mwake muli zitatu, kuwerenga, kuwonjezera ndi kulemba. Wina awerenge 5, mnzake nayenso awerenge 5 woyambayo asanalembe, onse alemba 6 mmalo mwa 7. Imeneyo ndiye race condition, ndipo kuipa kwake siioneka tsiku lililonse, mutha kuyesa kakhumi zonse zili bwinobwino nkudzakuphulikirani anthu atayamba kale kuigwiritsa ntchito. Pangani loko = threading.Lock() ndipo paliponse mukukhudza nambalayo muzilemba mkati mwa with loko: kuti azilowa mmodzimmodzi. Mkati mwa lokoyo muzikhala zochepa, musakaikemo kudawuniloda konse.

Chinanso, CPython, Python yomwe ambiri timagwiritsa ntchito, ili ndi chotchedwa GIL, chimalola thread imodzi yokha kuyendetsa code ya Python panthawi imodzi. Pa ntchito zodikira ngati intaneti kapena kuwerenga disiki palibe vuto, koma pa masamu olemera ma thread sakuthandizani, pitani ku multiprocessing, yomwe imayendetsa ntchitozo ngati mapulogalamu osiyana. Python 3.13 ya 2024 inabweretsa mtundu wopanda GIL koma unali wongoyeserera.

Maulalo akachuluka musadzutse ma thread 500, tengani ThreadPoolExecutor ya mu concurrent.futures, ikani max_workers=5 (ma thread asanu basi panthawi imodzi) nkumakweza pang'onopang'ono uku mukuyang'ana nthawi yomwe ikutenga.