Momwe mungapangire bokosi la chipisi losanduka minibasi ya mwana

Loweruka lina ndinaona ana atatu kuseri kwa chiwaya changa akulimbirana paketi ya Chibuku yomwe wina anataya. Amene anapambana anaiboola ndi waya, n'kulowetsa timitengo tiwiri, n'kusomekapo zitsekerero za mabotolo, basi galimoto yatheka. Pambali pawo panali mulu wa matekawe oyera aja amene makasitomala anga amataya akatha kudya, koma panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anawayang'ana. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuganiza za bokosi loti munthu adyeremo, kenako mwana alitenge.

Chinanso n'chakuti majumbo opyapyala masiku awo akutha. Boma linaletsa mapulasitiki osakwana ma micron 60 pa kukhuthala m'chaka cha 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pamsika akuonekabe, inde, koma sindikufuna tsiku lina kudzalandidwa katundu makasitomala ali pamzere.

Luso lopinda katoni si lachilendo. Kabokosi ka waya pamwamba kamene ku America amaikamo chakudya cha Chitchaina, Frederick Weeks Wilcox analembetsa umwini wake ku Chicago mu 1894. Ndi pepala limodzi lopindidwa popanda kudula m'makona, n'chifukwa chake msuzi sudontha. Nzeru ya m'makonayi ndiyo ndinabwereka. Zina zonsezi ndaphunzira powononga katoni.

Choyamba: katoni

Mukufunika katoni ya 350 gsm (kutanthauza magalamu 350 pa sikweya mita imodzi), ya saizi ya A3, yomwe ndi 297 mm kwina 420 mm. Ikhale ya kraft yofiirira ija, kapena yoyera mbali zonse ziwiri. Yotuwa kumbuyo, imene amapangira mabokosi a nsapato, isiyeni: imapangidwa ndi mapepala akale, manyuzipepala momwemo, ndipo inki yake siyenera kuyandikana ndi chakudya cha moto.

Pokagula nyamulani sikelo ya kukhitchini. Pepala la A3 ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a sikweya mita, choncho mapepala 10 a 350 gsm azilemera pafupifupi magalamu 437. Akalemera 312, akugulitsani 250 gsm pamtengo wa 350. Bambo wina wa shopu ya mapepala ku Limbe anachita kulumbira kuti yake ndi yeniyeni, koma nditatulutsa sikelo anayamba kunena kuti mnyamata wake ndi amene anasokoneza mashelefu. Mtengo sindilemba pano chifukwa chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa pepala suchedwa kusintha. Lamulo langa ndi lakuti bokosi limodzi lisapose mtengo wa dzira limodzi. Likaposa, ndiye kuti mukugwirira ntchito wogulitsa mapepala.

Zida ndi zodziwika: rula yachitsulo, mpeni wakuthwa wodulira mapepala, pensulo, ndi bolopeni yotha inki.

Chachiwiri: kujambula

Bokosi langa ndi 160 mm mulitali, 90 mm mulifupi, ndipo makoma ndi 65 mm. Mumalowa chipisi cha munthu mmodzi ndi ntchafu ya nkhuku, malo n'kutsala. Ndinkafuna makoma a 70 mm kuti lioneke ngati Hiace yeniyeni, koma 70 ndi 160 ndi 70 zikupanga 300, pomwe pepala lili ndi 297 basi. Mamilimita atatu okhawo anandibweza.

Goneketsani pepala. Motsatira mbali yaitali, yambirani kumphepete ndipo lembani zigawo izi motsatana: 65 khoma lakutsogolo, 90 pansi, 65 khoma lakumbuyo, 90 chivundikiro, 30 kalilime kotsekera. Zonse ndi 340, ndipo kumapeto kutsala kachidutswa ka 80 mm. Musakataye, matayala achokera pamenepo. Motsatira mbali yaifupi lembani 65, 160, 65. Lumikizani mizere.

Mukatero muona mabwalo anayi a 65 kwina 65 m'makona mozungulira pansi pa bokosi. Musawadule. Jambulani mzere wopingasa kuchokera pa kona ya pansi kupita kunja. Popinda, bwalo lililonse lisanduka khutu la makona atatu, ndipo makutu awiri akumana kumapeto kwa bokosi n'kupitirirana. Dulani kang'ambe ka 15 mm pa khutu lililonse, kena kuchokera pamwamba, kena kuchokera pansi, kuti zikolane zokha. Guluu ayi, sitepula ayi. Kawaya ka sitepula kakagwera m'chipisi cha mwana wa munthu, bizinesi yathera pomwepo.

Chachitatu: mizere yopinda

Katoni ili ndi njira yake ngati thabwa, osindikiza amati grain. Ipindeni pang'ono uku ndi uku osaithyola, mumva kuti mbali ina ikulola msanga. Mzere wa chivundikiro, umene mwana adzatsegula ndi kutseka kambirimbiri, utsatire njira yofewayo. Pa chojambula chathuchi ndiye kuti grain iziyenda motsatira mbali yaifupi ya pepala. Ikani katoni pamwamba pa manyuzipepala angapo, tsatani rula ndi bolopeni yotha ija mokanikiza, kawiri pa mzere uliwonse. Osalemba mizere yopinda ndi mpeni, mafuta adzadutsa momwemo.

Chachinayi: mafuta ndi nthunzi

Apa ndi pamene ndinapsa, ndiye mundilole ndichedwepo.

Mabokosi anga oyamba anali okongola. Ndinawayesa ndi miyala, ndi mpunga wosaphika, mwana wa mchemwali wanga anakoka limodzi pabwalo tsiku lonse osang'ambika. Chimene sindinayese ndi chipisi cha moto. Mayi wina anaitanitsa mabokosi 60 a phwando la tsiku lobadwa la mwana wake. Ndinakazinga, n'kumathira chipisi kuchokera m'chiwaya kulunjika m'bokosi, saladi wa kabichi ndi tomato pamwamba, sosi, n'kutseka bwinobwino kuti chisazizire. Ndinasanjika asanuasanu m'katoni yaikulu, wakabaza n'kunyamuka.

Ulendo wake sunakwane theka la ola. Foni italira ndinaganiza kuti akufuna kuthokoza. "Achimwene, izi mwanditumizirazi ndi chiyani?" Nditafika ndinapeza mabokosi apansi aphwatalala ngati chigumu chosapsa. Ndinanyamula limodzi, pansi pake panatsala patebulo pamodzi ndi chipisi, m'manja mwanga munatsala makoma okha. Pa chivundikiro chilichonse panali madontho a madzi ngati pachivundikiro cha poto wa nsima. Ana anadyera m'mbale za mayiyo, ine ndinabweza theka la ndalama. Mabokosi ochepa amene anapulumuka ana anapita nawo kwawo, ndipo mawa lake mayi wina anandiuza kuti minibasi ya mwana wake inagona yodzaza ndi nyerere, mphemvu zili pa kondakitala.

Ndinkaganiza kuti mdani ndi mafuta okha. Ayi, adani ndi awiri ndipo amagwira ntchito mosiyana. Mafuta amalowa m'katoni n'kusiya banga ndi fungo limene limaitana tizilombo, koma katoniyo imalimbabe ndithu. Chimene chimaipha ndi madzi. Chipisi chikangochoka pamoto chimatulutsa nthunzi yambiri, ndipo m'bokosi lotseka nthunziyo imagunda chivundikiro, n'kusanduka madzi, n'kutsikira m'makoma. Pepala likanyowa timaulusi take timalekana. Onjezanipo madzi a tomato amene mchere wawatulutsa, ndi kulemera kwa mabokosi anayi pamwamba, mwapanga phala.

Mankhwala a nthunzi anapezeka kuti ndi chinthu chimene minibasi imafuna kale: mawindo. Pa khoma lalitali lililonse jambulani mawindo atatu a 25 mm mulifupi ndi 20 mm msinkhu, kuyambira 35 mm kuchokera pansi. Dulani mbali zitatu zokha, yapamwamba isiyeni kuti ikhale ngati chitseko. Poika chakudya kankhirani windo lililonse kunja pang'ono, mpata wongokwana nsonga ya chala. Nthunzi ituluka, fumbi la mumsewu silowa kwenikweni, ndipo chipisi chimafika chili khirichikhirichi kusiyana ndi cha m'tekawe yotseka. Mwana akadzalitenga adzatsegula mawindowo mpaka mapeto.

Za mafuta, yalani pepala losalowa mafuta, limene ophika makeke amaligula pa dzina la greaseproof. Dulani 230 mm kwina 160 mm kuti likwere 35 mm m'makoma onse, kulekezera pansi pa mawindo. Likatseka mawindo mwabwerera pomwe munayambira. Pepalali ndi limene litayidwe munthu akatha kudya, bokosi litsale loyera.

Pano pali akathyali enanso. Ndinagulapo mpukutu wotchipa kwa munthu woyenda nawo m'manja, n'kupeza kuti ndi pepala wamba lopyapyala lokulungira nsapato. Musanalipire, ng'ambani kachidutswa, kaikeni pa pepala loyera, dontheza mafuta otentha, dikirani mphindi 10. Pepala lapansilo likachita banga, bwezani. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuyankhani kale.

Ilipo katoni ina yomatidwa pulasitiki mkati, yofanana ndi ya makapu a tiyi otaya. Imagwira mafuta ndi madzi omwe, koma ndi yodula, siipezeka nthawi zonse, ndipo nthunzi imafunabe potulukira. Ine ndinaisiya.

Zina ndi khalidwe la pachiwaya. Chipisi chikhale m'sefa mphindi ziwiri chisanalowe m'bokosi. Saladi ndi sosi zipite padera, kapena muzikulunge m'kapepala kakekake. Osasanjika mabokosi oposa atatu. Ndipo musanalandire oda ya munthu, dzazani bokosi limodzi ndi chakudya chenicheni cha moto, litsekeni, ikani mabokosi awiri odzaza pamwamba, lisiyeni mphindi 45, kenako linyamuleni ndi dzanja limodzi. Mawa lake linunkhizeni. Mayeso amenewa akanandisungira theka la ndalama lija.

Chachisanu: matayala

Pa kachidutswa ka 80 mm kaja mutuluka zidutswa zozungulira 14 za 38 mm, mizere iwiri ya 7. Mukufuna 12, chifukwa tayala limodzi ndi zidutswa zitatu zomatidwa pamodzi. Ziwiri zotsalazo ndi sipeya. Matani ndi guluu woyera wa akalipentala. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma mphemvu zija zibweranso.

Mwina mukuti bwanji osangogwiritsa zitsekerero za mabotolo ngati ana aja. Mwana akatola yekha ndi nkhani ina, koma inu wogulitsa musamupatse. Poyesa zoseweretsa za ana osakwana zaka zitatu, ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa kachitini ka 31.7 mm kukamwa kwake, ndipo chilichonse cholowamo chathunthu amati mwana atha kutsamwa nacho. Chitsekerero cha botolo la Fanta chimalowamo. N'chifukwa chake matayala anga ndi 38.

Mabowo a ekiselo musaboole, mafuta angatulukirepo. Ingolembani kadontho 10 mm kuchokera pansi ndi 30 mm kuchokera kumapeto, mbali zonse, kuti kholo lidzaboole ndi msomali chakudya chikatha. Ekiselo ndi kamtengo ka nsungwi ka 120 mm, kosasongoka. Timitengo tootchera nyama timachita, bola mudule nsonga ndi kupalapo ndi sandipepa. Matayala ndi timitengo ziikeni mu envulopu yaing'ono, muipereke pamanja, osati m'kati mwa chakudya.

Zotsala

Kukongoletsa musavutike nako. Ndinadulitsa chidindo chimodzi cha malaiti ndi galasi lakutsogolo, china cha dzina la bizinesi ndi nambala ya foni, ndipo ndimadinda kunja kokha katoni isanapindidwe. Mbali zina zisiyeni zoyera. Ana amalembapo okha ndi makrayoni, wina analemba "Limbe Blantyre" kutsogolo, kumbuyo "Zonse ndi Nthawi". Kumbuyo kwa envulopu jambulani zithunzi zitatu zosonyeza kuchotsa pepala la mafuta, kuboola, ndi kulowetsa matayala. Chingwe chokokera adzapeza okha.

Mukakhutira ndi bokosi loyamba, litambasuleni, lijambuleni pa pulayiwudi yopyapyala kuti muzingotsata m'mphepete. Ndi dzanja ndimadula 25 madzulo amodzi, zala zikatero zimakana. Mukayamba kufuna mazana pa sabata pitani kwa osindikiza akupangireni die, chodulira chimene chimadula ndi kulemba mizere nthawi imodzi. Iwo amakonda pepala la SRA3, la 320 kwina 450, chifukwa makina amafuna pogwira. Gwirizanani polemba kuti die ndi yanu mukailipira, apo ayi mudzaona minibasi yanu pachiwaya cha mnzanu. Ndipo muwauze za grain, chifukwa akafuna kupulumutsa pepala amatembenuza chojambula osakufunsani.

Sungani mabokosi osapinda, pamalo ouma, pamwamba pa thabwa osati pa simenti, makamaka nthawi ya dzinja. Pindani a tsiku limenelo okha. Ine ndimawapereka kwa ogula ali ndi ana ndi a maphwando basi, enawo ndimawakulungira m'pepala. Mabokosi osanduka lole ndi nyumba ndinawayamba, koma zojambula zake zikadali m'kabati.