Momwe mungathirire foam m'boti lakale la fiberglass kuti lisamire

Amalawi ena kuno ku Joni akugula maboti akale otchipa okawedzera ku Vaal Dam ndi ku Hartbeespoort. Dziwani kuti fiberglass, ulusi wagalasi womatidwa ndi guluu wotchedwa resin, imalemera kuposa madzi. Bwato lamtengo la kunyanja kwathu likadzaza madzi nthawi zambiri limayandamabe, koma boti ili likapanda foam, thovu louma lopepuka loliyandamitsa, limapita pansi ndi injini yomwe.

Yambani ndi kutsegula pansi popondapo. Mukapeza foam yakale, ifinyeni. Ikatuluka madzi, ikokoloreni yonse, chifukwa yasanduka katundu. Matani ming'alu, musinthe matabwa owola, kenako boti liume bwinobwino.

Tsopano masamu. Pimitsani boti pa sikelo pamodzi ndi injini, batire ndi thanki, muchotsepo kulemera kwa ngolo yake. Lita imodzi ya foam imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi m'madzi. Kwa maboti a m'madamu ndi m'mitsinje, a SAMSA, bungwe loyang'anira chitetezo cha maboti kuno, amafuna zoyandamitsa zokwana 30 peresenti ya kulemera kwa boti, choncho la makilogalamu 500 likufunika zoyandamitsa makilogalamu 150, omwe ndi malita osachepera 155 poti foam nayo ili ndi kulemera kwake. Ine ndingapyoleko, pakuti amenewo ndi malire chabe.

Gulani polyurethane yosakaniza zitini ziwiri, ya mtundu wa closed-cell, yosamwa madzi msanga. Polystyrene yoyera ija imabwera m'makatoni a TV isiyeni, imasungunuka ikakhudzana ndi petulo kapena resin.

Pomwe ambiri amaphonya ndi poika. Foam yonse ikakhala pansi, boti lodzaza madzi silimira, inde, koma limagudubuka, anthu n'kusowa pogwira. Ina muiike m'mwamba m'mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo yambiri ipite kumbuyo komwe kuli injini. Musatseke njira ya madzi yopita ku pulagi yotulutsira madzi m'boti, ndipo mawaya ndi mapaipi a petulo adutse m'paipi yawoyawo.

Pothira, valani magolovesi ndi magalasi, mugwirire pamalo opita mphepo. Sakanizani yochepa nthawi imodzi monga zalembedwera pachitini, takasani mwachangu, thirani nthawi yomweyo. Imafufuma kambirimbiri, ndipo ikasowa potulukira imatukumula pansi pa boti, motero boolani timabowo. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno kumazizira moti siifufuma bwino. Dikirani tsiku lofunda.

Jambulani zithunzi musanatseke, musungenso malisiti. Woyendera boti adzafuna umboni wa malita omwe mwathira asanakupatseni setifiketi ya buoyancy (kuyandama kwa boti), yomwe imafunika potenga COF, chiphaso chosonyeza kuti boti n'loyenera kuyenda pamadzi. Mukajambula zithunzizo, dulani foam yotsala ndi sowo, mutseke mabowo aja ndi fiberglass ndi resin.