Chithunzi chakale cha kutchalitchi musachitsuke chonde, chitani izi

Ndikulemba izi mtima ukuwawabe. Tinali pa ntchito yokonza m'tchalitchi chisanafike chikondwerero cha Pasaka, mayi ena achifundo ndithu anatsitsa chithunzi cha Amayi Maria chomwe chakhala pakhoma kuyambira nthawi ya azungu, anati chada kwambiri, ndiye anatenga kansanza konyowa ndi sopo nkuyamba kupukuta. Mmene ndimafika tsaya lonse linali litapita, penti ili pa kansanza, pangotsala chinsalu choyera. Mayiwo analira, nafe tinasowa chonena chifukwa iwo amafuna kuthandiza.

Zithunzi zakale ngati chimenechi ku Zomba kuno zilipo, paja kuno kunali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo amishonale achikatolika a Montfort omwe anafika m'dziko muno mu 1901 ankabwera ndi katundu wa m'tchalitchi kuchokera ku Ulaya. Zina zili m'masakristiya, zina m'nyumba za agogo omwe anali akatekisiti.

Yambani ndi kudziwa kuti muli ndi chani. Zambiri zomwe timati ndi penti ya oyilo si zojambula pamanja ayi, ndi zosindikiza pa makina basi anangozipaka vanishi kuti ziwale. Tengani foni, yatsani tochi, muunikire chammbali osati kutsogolo. Chojambula pamanja mumaona mizere ya bulashi, pena penti yatukuka pena yaphwa, komanso timing'alu ting'onoting'ono ngati dambo louma mu Okutobala. Chosindikiza nthawi zambiri chimakhala chosalala ndipo mukachikuza pa kamera mumaona timadontho. Kaya ndi chiti, chisamaliro chikufunikabe, koma cha pamanja chikaonongeka palibenso china padziko lonse.

Kenako chijambuleni ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kumbuyoko anthu amakunyozera koma ndi komwe kuli mbiri, mutha kupeza chidindo cha sitolo yomwe inagulitsa chinsalucho, dzina, chaka, mwina mawu a Chifalansa kapena Chilatini. Kapepala kalikonse komatidwa musakachotse olo kakhale kong'ambika.

Tsopano nkhani yoyeretsa. Madzi ayi. Sopo ayi, Omo ayi, parafini, spiriti, Vaseline, mafuta ophikira, zonsezi ayi. Ena pa intaneti amati pakani mbatata kapena anyezi kapena buledi, musawamvere, zimenezo zimasiya chakudya cha mphemvu ndi nguwi. Madzi amalowa m'ming'alu ija nkufika pa guluu wapansi pa penti, guluuyo akafufuma penti imamasuka, ndi zomwe zinachitika kwathu zija. Mafuta nawo amawalitsa sabata imodzi kenako amagwira fumbi nkuda kuposa kale, ndipo kuwachotsa ndi ntchito yovuta ngakhale kwa katswiri.

Chomwe mungachite nokha ndi kuchotsa fumbi basi. Pezani bulashi yofewa kwambiri yatsopano, ngati ija atsikana amadzolera paudala kumaso, chiimikeni chithunzicho chopendekera pang'ono kutsogolo, muzisesa mopepuka kuchokera pamwamba kutsika. Koma musanayambe yang'anitsitsani, ngati penti ikutukuka ngati mamba a chambo musachikhudze nkomwe, chigonekeni chagada pa tebulo, tizidutswa togwa tisungeni mu envulopu. Chikasu chomwe mumachiona pa chithunzicho ndi vanishi wokalamba pamodzi ndi mwaye wa makandulo ndi lubani wa zaka zambiri, chimachoka inde koma ndi mankhwala omwe amadziwa ndi anthu ophunzira ntchitoyi. Ine bola chikhale chakuda koma chathunthu. Mukamaliza sambani m'manja, penti yoyera yakale inkakhala ndi mtovu.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyezi. Tonse tikudziwa mmene mvula imagwera m'munsi mwa phiri la Zombali kuyambira Novembala mpaka Epulo, ikatha kumabweranso chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, makoma a njerwa akale aja amangokhala ozizira ngati akutuluka thukuta. Chinsalu chimamwa chinyezicho nkutamuka, kukatentha chimakokana, penti nkumasweka. Ndiye musachipachike pa khoma lomwe kunja kwake kumamenya mvula, sankhani khoma lamkati, ndipo kumbuyo kwa felemu m'makona apansi ikani tizidutswa ta labala kapena ta thabwa kuti pakati pa khoma ndi chithunzi pazidutsa mphepo. Yang'anani denga ngati silikudontha. Chisakhale pamwamba pa makandulo, pafupi ndi khitchini, kapena pomwe dzuwa la pawindo limachimenya. M'matchalitchi mwathu mulinso mileme, zitosi zake zimadya vanishi, ngati pansi mukupeza zitosi m'mawa uliwonse chisunthireni kwina.

Chiswe ndi anankafumbwe a m'matabwa muziwayendera mwezi ndi mwezi, mukaona timabowo ndi ufa pansi pa felemu chipatuleni ndi zinzake, koma Doom musapopere pa penti. Posunga musakulunge mu pulasitiki, mumachita thukuta nkumera nguwi, phimbani ndi nsalu yoyera ya thonje ndipo chiime pa matabwa osati pa simenti. Ponyamula gwirani felemu mbali zonse ziwiri, chachikulu mukhale awiri, zala zisakankhe chinsalu kumbuyo.

Chikakhala chong'ambika kapena chamera nguwi musamate ndi selotepi kapena supa guluu, ndipo mnyamata wolemba zikwangwani pamsika musamupatse kuti abwerezemo nkhope, olo akhale waluso bwanji. Tengani zithunzi munajambula zija mukafunse kwa aphunzitsi a zojambulajambula ku Chanco, kapena ku Museum ya ku Chichiri ku Blantyre. Ngati ndi cha mpingo auzeni kaye abambo mfumu ndi akomiti, chilembedwe m'buku la katundu wa parishi, kukula kwake ndi pomwe chili. Ndipo akabwera munthu wachilendo kuti ndikupatsani chatsopano chowala mundipatse chakalechi, kanani, mumuuze akaonane ndi a dayosizi.