Momwe mungachitire kuti kumenya bwino kwa pa range kukafike nanu pa bwalo la gofu

Pa range, malo oyeserera kumenya, mpira umauluka mowongoka mpaka mtima kukhala m'malo. Koma tsiku la masewera, mwaima pa tee yoyamba, poyambira dzenje loyamba, anzanu atatu akukuyang'anani, mpira woyamba womwewo uyo walowa m'mitengo. Ndinavutika nazo zimenezi kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chinandithandiza si ndodo yatsopano ayi. Ndinasintha kachitidwe ka pulakatisi. Pa range mukalakwitsa, mpira wina uli pompo pafupi ndi phazi lanu. Pa bwalo mpira ndi umodzi, ndipo kumene wagwera n'komwe mukaumenyerenso. Choncho pulakatisi iyenera kufanana ndi zimenezo.

Za kagwiridwe ka ndodo ndi kaimidwe sindinenapo, ndikukhulupirira kuti munaziphunzira kale.

Yambani ndi kutenthetsa thupi. Mipira 10 kapena 15, wedge (ndodo yomenyera pafupi) kenako iron yapakati (ma iron ndi ndodo za mutu wachitsulo zokhala ndi manambala), basi. Imeneyi musaiwerengere, kaya yapita bwino kaya molakwika. Ndipo tengani chidebe chaching'ono cha mipira. Chachikulu chimaoneka chotchipa mukawerengera mpira umodziumodzi, koma chimakukakamizani kumenya mothamanga kuti chithe, ndipo mipira 30 yomaliza mumaimenya mikono itatopa kale.

Chachiwiri ndi kapeti yomenyerapo pa range, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene ine ndinagwera. Kwa miyezi ingapo ndinkamenyera pa kapeti yokhayokha. Iron yanga ya 7 inkalira bwino, mpira n'kumakwera ndithu. Nditapita pa bwalo, ndodo inkakumba nthaka isanafike pa mpira. Chibuma cha udzu chinkauluka, mpira n'kungogwera chapafupi. Ndinkaganiza kuti ndi mantha. Ndinayesa kupuma mozama, ndinayesa kuchepetsa liwiro, koma sizinasinthe. Vuto linali lomwelo ndi pa range pomwe, kungoti kapeti inkandibisira.

Zimachitika motere. Kapeti nthawi zambiri imayalidwa pa simenti. Mutu wa ndodo ukagunda pansi masentimita atatu kapena anayi kumbuyo kwa mpira, sulowa pansi. Umatsetsereka pamwamba pa kapeti n'kukaupezabe mpirawo, ndiye inu mumaona ngati mwamenya bwino. Pa udzu weniweni, makamaka nthaka ikakhala yonyowa, ndodo imalowa m'dothi ndipo mphamvu yonse imathera pomwepo. Ndi iron, ndodo iyenera kuyamba kukhudza mpira, nthaka pambuyo. Udzu umene mwadula uyambire pamene panali mpira kupita kutsogolo.

Njira imene inandichiza ndi ya thaulo. Yalani kathaulo kopyapyala kumbuyo kwa mpira, kutalika kwa zala zinayi kuchokera pa mpirawo. Menyani. Thaulo likasuntha, mwagunda kumbuyo, ndipo mpira umenewo muuwerenge kuti walakwika ngakhale utauluka mokongola bwanji. Tsiku loyamba ndinaligunda thaulolo pafupifupi mpira uliwonse, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinkazoloweza thupi langa chinthu cholakwika. Patapita milungu itatu thaulo linayamba kukhala pamalo pake. Chimene ndinasintha n'chakuti kulemera kwa thupi kuzikhala kwambiri pa mwendo wakutsogolo pamene ndodo ikufika pa mpira. Mvetseraninso kulira kwake: kugunda kapeti koyamba kumamveka kuti phu, mpira pambuyo, pamene kumenya kwabwino kumalira kamodzi. Ngati range yanu ili ndi mbali ya udzu, ngakhale amalipiritsa mowonjezera, pitani kumeneko kamodzi pa maulendo atatu aliwonse. Kumeneko lembani mzere pansi, ikani mpira pa mzerewo, n'kuona kumene ndodo yadula. Komanso zigongono ndi mfundo za manja zimapumako, chifukwa kapeti yakale yoyalidwa pa simenti imavulaza.

Chachitatu, mtunda wa pa range musaukhulupirire. Mipira ya kumeneko imakhala ya chikopa cholimba kuti ikhalitse, yambiri ndi yoperepeseka, ndipo malo ena amagula dala mipira yosapita patali chifukwa malo awo ndi aafupi. Zikwangwani za mtunda nazo anaziyeza kuchokera pamalo amodzi, pamene inu mwina mwaima kumapeto kwa mzere. Mtunda wa ndodo iliyonse muuyeze pa bwalo, ndi mpira umene mumasewerera, ndipo mulembe mtunda wa nthawi zambiri, osati wa tsiku lija munamenya bwino koposa. Pa nkhani ya mipira samalani ndi ogulitsa pa intaneti amene amati mipira yawo ndi "yokonzedwanso". Ina ndi yotoledwa m'madamu a pa bwalo n'kupakidwa penti, dzina la kampani n'kulisindikizanso. Ndinagulapo katoni imodzi, ndipo penti inayamba kusupuka pa dzenje lachitatu. Ndi bwino kugula mpira wotsika mtengo koma watsopano, wa mtundu umodzi, n'kumausewera nthawi zonse.

Chachinayi ndiye mtima wa nkhani yonseyi: lekani kumenya ndodo imodzi kakhumi motsatizana. Kubwereza kumathandiza pophunzira chinthu chatsopano, koma pa bwalo simudzamenya iron ya 7 kawiri pamalo amodzi. Mu 1979, John Shea ndi Robyn Morgan anachita kafukufuku wa momwe anthu amaphunzirira ntchito za manja. Amene ankasakaniza zochita sankachita bwino kwenikweni pa nthawi yophunzirayo, koma atayesedwa pambuyo pake anaposa amene ankabwereza chinthu chimodzimodzi. Choncho musadandaule pulakatisi yosakaniza ikamaoneka yosakoma.

Chitani chonchi. Ganizirani bwalo limene mumalidziwa bwino, ndipo mulisewere muli pa range pomwepo. Sankhani mitengo iwiri kapena mbendera ziwiri zotalikirana mamita pafupifupi 30, imeneyo ndiye fairway yanu, njira ya udzu waufupi yolunjika ku dzenje. Menyani driver, ndodo yomenyera patali kwambiri, kamodzi. Ngati mpira wagwera pakati, tengani iron imene mukanatenga pa dzenje limenelo, musankhe mbendera, mumenye kamodzi. Ngati watuluka kunja, musabwereze. Tengani iron ya 5 kapena 6 mumenye mpira wotsika, ngati mukuutulutsa pansi pa nthambi. Mukatero pitani dzenje lachiwiri. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, ndipo mukasewera motere mudzaona kuti zina mwa izo simunazigwire kwa miyezi.

Chidebe cha mipira chiikeni kumbuyo kwanu, masitepe angapo, kuti muzichita kupita kukatenga mpira umodziumodzi. Kanthu kakang'ono, koma kamathetsa chizolowezi chokoka mpira wina ndi ndodo woyamba uja usanagwe n'komwe. Pa bwalo, pakati pa kumenya kumodzi ndi kwina pamadutsa mphindi zingapo mukuyenda, thupi limazizira, maganizo amapita kwina. Zolowerani kuyambiranso mpira uliwonse. Lembani pa kapepala mipira imene yalowa mu fairway. Mukakhala ndi mnzanu pikisanani, chifukwa diso la munthu wina limabweretsa kamantha kamene mumakamva pa tee yoyamba.

Chachisanu, mpira uliwonse uziyamba mofanana. Imani kumbuyo kwake, sankhani pamene mukufuna ukagwere, pezani kachizindikiro pansi patsogolo pa mpira, yesezani kamodzi, imani, menyani. Malamulo a gofu amalimbikitsa kuti zonsezi zisapitirire masekondi 40. Timitengo toyala pansi tothandiza kulunjika n'tabwino potenthetsa thupi, ndipo simufunika kugula todula, ndodo iliyonse ya m'chikwama imagwira ntchito yomweyo. Koma muzichotse mukayamba kusewera maenje aja, chifukwa pa bwalo n'koletsedwa kuyala chinthu pansi kuti chikuthandizeni kuima molunjika.

Zotsalazi ndizidutsa mwachangu. Range ndi yosalala, bwalo lili ndi zitunda. Kwa womenyera kumanja, mpira ukakhala pamwamba kuposa mapazi umakhotera kumanzere, ukakhala pansi umakhotera kumanja, ndipo pokwera chitunda umakwera kwambiri n'kugwera pafupi, choncho tengani ndodo yotalikirapo. Pezani kachitunda m'mbali mwa malo oyeserera mumenyepo mipira ingapo.

Pa putter (ndodo yolowetsera mpira m'dzenje) ndi wedge, mpira ukhale umodzinso. Uponyeni m'udzu wautali pafupi ndi green, malo a udzu waufupi kwambiri pamene pali dzenje, muumenye mmene wagweramo osaukonza, kenako muumalize mpaka ulowe. Ngakhale akatswiri a PGA Tour, mipikisano ikuluikulu ya gofu ya ku America, amalowetsa pafupifupi theka chabe la mipira ya pa mtunda wa mamita 2.4, choncho nthawi yambiri ithere pa kuyandikitsa mpira wakutali ndi kulowetsa wa mita imodzi.

Tsiku la masewera, range ndi yotenthetsera thupi basi, musakonze chilichonse. Mpira womaliza mumenye ndi ndodo imene muyambire pa tee yoyamba, mofanana ndi mmene mukachitire kumeneko, n'kunyamula chikwama.