Kulembetsa dokotala kuchipatala ndi kwa a inshuwalansi ku America

Ntchito yanga ndi yoyendetsa mapepala a madokotala atsopano pakiliniki ina ku America. Aliyense akabwera ndimamuuza kuti laisensi yokha sikwanira. Chipatala chimafufuza pachokha chisanamulole kugwira odwala, nawonso a inshuwalansi amafufuza paokha asanayambe kumulipira. Akakuvomerani uku, musaganize kuti ukonso zatheka.

Yambani ndi NPI, nambala yozindikiritsa dokotala m'dziko lonse, imene imatengedwa kwaulere pa webusaiti ya boma yotchedwa NPPES. Sonkhanitsaninso laisensi ya chigawo chimene dokotalayo akagwireko ntchito, satifiketi ya DEA (bungwe la boma loyang'anira mankhwala ozunguza bongo) ngati azilemba mankhwala amene boma limawayang'anira kwambiri, ndi inshuwalansi yomuteteza akaimbidwa mlandu wolakwitsa pochiza. Amene anaphunzira udokotala kunja kwa America amafunikanso satifiketi ya ECFMG, bungwe lotsimikizira maphunziro a madokotala ophunzira kunja, kupatula amene anamaliza ku Canada July 2025 isanafike.

Zonsezi muziike pa CAQH, webusaiti yosungira mbiri ndi mapepala a madokotala, chifukwa makampani ambiri a inshuwalansi amakatenga pamenepo. Koma samalani, pa CAQH pamafunika kutsimikiza masiku 120 alionse kuti zimene munalemba sizinasinthe. Mukaiwala, fomu yanu imangogona pa desiki la wina popanda wokuimbirani foni.

Pamene ine ndimathera nthawi yambiri ndi pa CV. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwezi ndi chaka chimene anayambira ndi kusiyira. Ngati anakhalapo miyezi yoposa isanu ndi umodzi osagwira ntchito, alembe chifukwa chake, kaya anali chikuta, kaya ankadwazika kholo, palibe chochititsa manyazi. Dzinanso lifanane papepala lililonse. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa aphatikizepo chikalata chaukwati, chifukwa ofufuzawa sadalira fotokope imene mwawapatsa. Amafunsa okha kusukulu imene anaphunzira, ku bungwe lopereka laisensi ndi ku National Practitioner Data Bank, nkhokwe ya boma yosunga mbiri ya zilango ndi milandu ya madokotala, ndipo dzina likasiyana amabweza fomu yonse.

Werengerani miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina kuposa. Ine ndimayamba tsiku lomwelo dokotala akasaina kontrakiti. Kalata yovomereza ikafika, yang'anani deti limene ayambe kumuwerengera. Odwala amene anawaona deti limenelo lisanafike, makampani ambiri salipira. Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba ndi olumala imene mumalembetsa kudzera pa webusaiti ya PECOS, imalola kubwerera m'mbuyo masiku 30 okha.

Pakalendala lembanitu kuti a inshuwalansi adzafufuzanso pakatha zaka zitatu, Medicare pakatha zisanu.